Kugulitsa kiyibodi yakale ya Yamaha DX7: zoyenera kuchita musanatchule mtengo

Kiyibodi ya DX7 inatuluka mu 1983, ndipo zambiri mwa zimene zinapangidwa nthawi imeneyo zikulirabe. Ngati muli nayo ndipo mwaganiza zoigulitsa, choyamba muidziwe bwino, kenako mumuuze wogula zoona zonse. Chida cha zaka zoposa 40 sichingasowe chilema, koma chilema chonenedwa poyera sichithawitsa wogula wodziwa.

Chimene muli nacho m'manja

DX7 siiimba mawu ojambulidwa kuchokera ku piyano kapena gitala yeniyeni. Imadzipangira yokha mawu mwa njira yotchedwa FM, imene John Chowning anaitulukira pa yunivesite ya Stanford ku America, kampani ya Yamaha n'kugula chilolezo choigwiritsa ntchito. M'kati mwake muli tizigawo 6 totchedwa ma operator. Kagawo kamodzi kamagwedeza kanzake mofulumira kwambiri, ndipo kugwedezanako n'kumene kumabala mawu onga belu, piyano yamagetsi kapena besi yolimba. Tizigawoti tingalumikizidwe m'njira 32. Ili ndi makiyi 61 ndipo imatha kuliza manotsi 16 nthawi imodzi. Mawu ake otchedwa E. PIANO 1 anadzaza nyimbo zachikondi za m'ma 1980, ndipo ambiri ofuna kugula akusaka mawu amenewo.

Pulumutsani mawu, kenako batire

Mawu 32 okhala m'kiyibodimu amasungidwa ndi kabatire kakang'ono ka CR2032. Kakatha mphamvu, mawu aja amasokonekera, mayina ake n'kumaoneka ngati zilembo zopanda tanthauzo. Pa mabatani a Function pali pamene pamaonetsa mphamvu ya batire. Yatsopano imakhala pafupifupi mavoti 3. Musanasinthe, tumizani mawu onse ku kompyuta kudzera pa chingwe cha MIDI, kapena muwasunge mu katiriji ya RAM. Batireyi ndi yowotcherera pa bolodi, choncho ipatseni mmisiri wodziwa zamagetsi. Wogula akamva kuti batire ndi yatsopano ndipo mawu ali m'malo mwake, mtima umakhala pansi.

Yesani kiyi iliyonse

Lumikizani sipika, dinani makiyi onse 61 imodziimodzi, pang'onopang'ono kenako mwamphamvu. Pa mawu onga E. PIANO 1, kiyi yabwino imasintha kukula kwa mawu malinga ndi mmene mwaimenyera. Yesaninso mabatani. A DX7 yoyamba ndi afulati, okutidwa ndi pulasitiki imene imang'ambika ndi ukalamba, makamaka pamene zala zinkadina kawirikawiri. Sunthani chokwezera mawu mumve ngati chikukhetekheta, gwedezani mawilo awiri a kumanzere, ndipo yesani pobayira mahedifoni ndi pa MIDI. Chilichonse chimene mwapeza, lembani. Mawu akuti "ili bwinobwino" sauza munthu kanthu. Kunena kuti "kiyi imodzi yakumanja imafuna kudina mwamphamvu" kumasonyeza kuti ndinu munthu wodalirika.

Onani chikwangwani cha magetsi

Kumbuyo kwa kiyibodi kwalembedwa mphamvu ya magetsi imene imafuna. Yopangidwira msika wa ku Japan imafuna mavoti 100, ya ku America pafupifupi 120, pamene magetsi a kuno ku Malawi ndi mavoti 230. Kubaya ya ku Japan pakhoma mwachindunji ndi kuiwotcha. Ngati yanu imayendera thiransifoma, gulitsani zonse pamodzi ndipo mumuuze wogula momveka bwino asananyamule.

Mtengo umachokera pati?

Yamaha inagulitsa ma DX7 ochuluka zedi, choncho si chida chosowa. Komanso lero pali pulogalamu yaulere ya pakompyuta yotchedwa Dexed imene imaimba mawu omwewo, ndi makiyibodi atsopano a FM monga Yamaha Reface DX ndi Korg Volca FM. Wogula yanu akulipira makiyi olimba, thupi lachitsulo ndi mbiri yake. Zimene zimakweza mtengo ndi makatiriji awiri a ROM amene inkabwera nawo, buku lake, pedo ndi bokosi lonyamulira. Onani mitengo imene ena anagulitsiradi, osati imene akungoitchula. Tchulaninso mtundu weniweni, chifukwa DX7 yoyamba ndi DX7II yotuluka pambuyo pake sizifanana mtengo.

Tsiku lokumana ndi wogula

Jambulani zithunzi poyera, kuphatikizapo mokalika ndi nambala yake, komanso kavidiyo kosonyeza ikulira. Mulole wogula aiimbe yekha mpaka akhutire. Ngati akulipira pafoni, tsimikizani kuti ndalama zalowadi mu akaunti yanu, musadalire uthenga umene akukuonetsani. Kiyibodiyi imalemera pafupifupi makilogalamu 14, ndiye ngati ikuyenda pa basi, ikuteni ndi bulangete ndi makatoni olimba, makiyi atatetezedwa. Mupatseni wogula mawu amene munasunga pa kompyuta ndi pepala la zilema zonse. Woimba wa kutchalitchi kapena wa bandi amene waigula adzafika nayo pamaso pa anthu akudziwa chimene wanyamula.