Momwe dokotala Kandel anayambira kufufuza za ubongo

Mmodzi mwa anthu atatu amene analandira mphotho ya Nobel pa zamankhwala m'chaka cha 2000, a Eric Kandel, analowa sukulu ya udokotala ndi cholinga chodzathandiza odwala matenda a maganizo pokambirana nawo, koma ntchito imene inawatchukitsa anaigwirira m'chipinda chofufuzira.

A Kandel anabadwira mumzinda wa Vienna m'dziko la Austria m'chaka cha 1929 ndipo anathawira ku America mu 1939 kuopa nkhanza za chipani cha Nazi.

Iwo anatsiriza maphunziro a udokotala pa yunivesite ya New York mu 1956. Ali mkati mwa maphunzirowo anagwirako ntchito ndi katswiri wa zaminyewa, a Harry Grundfest, amene anawalangiza kuti ayambe ndi selo limodzilimodzi ngati akufuna kumvetsa maganizo a munthu.

Kuyambira mu 1957 anafufuza za ubongo ku bungwe la boma la America la National Institutes of Health, ndipo mu 1960 anayamba maphunziro a ukatswiri wa matenda a maganizo mumzinda wa Boston.

Vuto linali lakuti ubongo wa munthu uli ndi maselo a minyewa pafupifupi mabiliyoni 86, kotero n'kovuta kuona chimene chimasintha munthu akaphunzira chinthu. N'chifukwa chake mu 1962 anapita ku Paris kukafufuza pa Aplysia, kanyama ka m'nyanja kofanana ndi nkhono, kamene kali ndi maselo otere pafupifupi 20,000 okha, enanso akuluakulu osavuta kuwayeza.

Kanyamaka akakakhudza kamabweza chiwalo chake chopumira, koma akakakhudza mobwerezabwereza kamazolowera n'kuleka. A Kandel ndi anzawo anapeza kuti chimene chimasintha ndi mphamvu ya malo amene maselo amapatsirana uthenga.

Anapezanso kuti kukumbukira kwa kanthawi kochepa kumangolimbitsa kapena kufooketsa malo amene alipo kale, pamene kukumbukira kwa nthawi yaitali kumafuna kuti selo lipange mapuloteni atsopano ndi kumera nthambi zina.

Mu 1998 a Kandel, amene panthawiyo anali ku yunivesite ya Columbia, analemba kuti chithandizo cha uphungu chikamagwira ntchito ndiye kuti chasintha kanthu mu ubongo, monga amachitira mankhwala.

Mnzawo wina wa pamphothoyo, a Arvid Carlsson a ku Sweden, analinso dokotala. Kafukufuku wawo wa dopamine anatsegula njira ya mankhwala a matenda a Parkinson komanso anathandiza kufotokoza momwe mankhwala a schizophrenia amagwirira ntchito.

Kwa okonza mapulani a zaumoyo, nkhaniyi ikuonetsa kuti dokotala wopita kukafufuza sanatayike kwa odwala, ngakhale phindu lake limachedwa kuoneka. Kuchoka pamene a Kandel anayamba ntchito pa kanyamako kufika pamene analandira mphotho panadutsa zaka 38.