Ndodo ya kuphiri: zomwe timamva ndi zomwe miyendo imadziwa

Loweruka m'mamawa magalimoto a kumayadi, a ku Area 10, Area 43 ndi Area 47, amatuluka mu Lilongwe kulowera ku Nkhoma, ku Bunda kapena ku Dedza. Kukwera mapiri kwafika pachimake, ndipo kwabwera ndi ndodo zachitsulo zija, zotalikitsa ndi kufupikitsa. Zokambidwa pa ndodozi ndi zambiri, zina zabodza.

"Ndodo ndi ya agogo," amatero anyamata a ku jimu. Amaiseka pokwera, potsika ndi iwo omwe oyamba kuibwereka. Chitunda chimatopetsa chifuwa, koma chimene chimapweteka munthu ndi mtsetse. Potsika, thupi lonse ndi chikwama chomwe zimagwera pa bondo limodzi nthawi iliyonse ukaponda, ndipo minofu ya ntchafu ndiyo imagwira mabuleki. N'chifukwa chake munthu amatsika bwinobwino phiri la Dedza, lomwe nsonga yake ili pa mamita 2,198, koma Lolemba n'kumalephera masitepe a ku Capital Hill. Ndodo imalanda gawo la katunduyo n'kulipereka kumikono. Bondo silifunsa zaka zako. Za ukalambazo, Kamuzu ankayenda ndi ndodo ndi litchowa, ndipo palibe amene ankaona kufooka pamenepo.

Ena amakokera mbali inayo, ati ndodo imasunga mphamvu. Ayi. Mikono ikayamba kugwira ntchito, thupi limadya mphamvu zochulukirapo pang'ono. Chimene chimachitika n'chakuti ntchito imagawidwa, ndiye ulendo umamveka wopepuka. Phindu lake lenileni limaoneka ukasenza katundu, ukamawoloka mtsinje, kapena dothi lofiira likaterera ndi mvula. Alenje a kumapiri a ku America amaikonda pa chifukwa chomwechi: nyama akapha amaisenza kumsana mtunda wautali. Ena amapingasa ndodo ziwiri n'kutsamiritsapo mfuti. Koma nawonso amadandaula kuti nsonga yachitsulo ikagunda mwala imathawitsa nyama, choncho amaiveka kalabala. Mlenje wa uzimba kwathu kuno manja ake ankakhala odzaza kale ndi chibonga ndi mkondo. Ndipo amene akuganiza zotengera alenje akunjawo ku Dzalanyama kapena ku Kasungu adziwe kuti lamulo la nyama zakutchire lidakhwimitsidwa mu 2017, ndipo milandu ikuluikulu imafika zaka 30 za ndende.

Chikhulupiriro choopsa ndi cha njoka. Anthu amati ndodo ili m'manja, njoka sungaiope. Njoka zambiri zimathawa zokha zikamva mgugu, koma mphiri sithawa, imangokhala phee m'masamba, ndipo ikaluma imachita mwamphenzi. Ndodo ndi yokankhira udzu kuti uone poponda. Ukaisandutsa chida, wadziyandikitsa wekha kukamwa kwa njoka, ndipo ndodo yachitsulo yopepukayo imapindika pa nkhonya yoyamba. Bwerera m'mbuyo, lambalala.

Za mphenzi nazo n'zosokonekera. Chitsulo chaching'ono chotere sichiitana mphenzi. Mphenzi nthawi zambiri imagwa pa chinthu chomwe chatalika kuposa zinzake, ndipo pamwamba pa thanthwe la Bunda chinthucho ndiwe. Mitambo ikada, kutaya ndodo sikukupulumutsa. Tsika.

Pa thanthwe lomwelo, ngakhale kunja kuli ngwee, ndodo imasanduka mdani. Pa mwala wosalala nsonga imatsetsereka, ndipo amene adaitsamira amapita nayo. Chigawo chomaliza chopita pa Sapitwa, pa mamita 3,002, n'chokwawa ndi manja, m'miyala ndi m'mipata. Pamenepo ifupikitse, imangirire kuchikwama. Ambiri amaigwiranso molakwika. Pamalo athyathyathya chigongono chipinde ngati ngodya ya nyumba. Pokwera ifupikitse, potsika italikitse. Dzanja lilowe m'kalamba kuchokera pansi, kuti katundu akhale pa lamba, zala zisachite dzanzi.

Nanga yodula ndiyo yabwino? Kumayadi chinthu chikakhala chochokera ku Johannesburg chimapatsidwa ulemu chisanagwire n'komwe ntchito. Ya aluminiyamu ikapanikizika imapindika, mwina n'kukufikitsabe kumunsi. Ya kaboni ndi yopepuka ndiponso yodula, koma ikathyoka yathyoka. Mukaipeza pa kaunjika ku Old Town, yang'anani loko yake: itsamireni ndi thupi lonse musanalipire, chifukwa ndodo yofupika yokha pamtsetse imagwetsa kuposa kuyenda chimanjamanja. Nsungwi youma bwino, yofika m'chifuwa, ilibe loko yoti ikunamizeni. Ine ndimaiika patsogolo pa ndodo yachitsulo yotsika mtengo.

Pali ndodo imodzi yomwe ndikukupemphani muisiye: ya mkungudza, imene ogulitsa ziboliboli angakununkhizeni m'tsinde mwa phiri la Mulanje kapena m'tauni muno. Adzakuuzani kuti mtengowo udali wouma kale. Mawu omwewo ndi amene adamaliza nkhalango. Mkungudza wa ku Mulanje ndi mtengo wa fuko lathu, sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko, ndipo kalembera wa mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha itatsala paphiripo. Gulani ya nsungwi kapena ya bulugamu, ndipo ndalama yotsalayo mulipire wokuperekezani wa m'mudzi wa m'tsinde mwa phiri.