Kachotupa ka pamutu kanaulula za chiwindi

Odwala anga ambiri sanandionepo nkhope. Ine ndimakhala mu labotale. Dokotala mnzanga akadula kachidutswa ka mnofu, amakaponya m'kabotolo ka formalin n'kunditumizira kuti ndinene chomwe chavuta.

Tsiku lina kunabwera kachotupa kofiira kochokera pamutu pa bambo wina. Pakapepala analembapo kuti kanakula m'masabata ochepa ndipo kamatuluka magazi chipeso chikangokakhudza. Amene anakadula ankayesa kuti ndi timitsempha ta magazi tongounjikana, zomwe sizoopsa. Nanenso ndikanangoona ndi maso ndikanatero.

Tinakaumika m'phula, n'kusenga tizidutswa topyapyala kuposa tsitsi, n'kutipaka utoto. Nditasuzumira pa maikulosikopu ndinaona maselo akuluakulu atafola mizere yokhuthala, ndipo apa ndi apo panali timadontho tobiriwira moderapo. Ndulu! Khungu silipanga ndulu. Ntchito imeneyi ndi ya maselo a chiwindi okha, choncho kachotupaka kanali khansa ya chiwindi yomwe inasamukira pakhungu.

Khansa ikasamuka imapita ndi kalankhulidwe ka kwawo. Munthu wa ku Nsanje angakhale ku Johannesburg zaka 20, akangotsegula pakamwa umadziwa mudzi wake. Maselo aja anali pamutu, koma kwawo kunali kuchiwindi.

Sikuti nthawi zonse ndulu imaoneka. Ikasowa, timagwiritsa ntchito utoto wapadera womwe umagwira mapuloteni a maselo a chiwindi, monga arginase-1 ndi HepPar-1, komanso glypican-3 yemwe amapezeka kawirikawiri m'khansa imeneyi. Utotowu ndi wodula ndipo si labotale iliyonse ili nawo, choncho nthawi zina kachidutswa kamayenda ulendo wautali wodwala akudikira. Magazi nawo timayeza, kufuna AFP, puloteni yomwe imakonda kukwera m'khansayi, koma ine sindiidalira yokha: alipo odwala khansa ya chiwindi omwe AFP yawo sikwera n'komwe.

Kufika pakhungu si njira yomwe khansayi imakonda. Nthawi zambiri imathamangira kumapapo, m'mafupa ndi m'timaanabere ta m'mimba. Ikatulukira pakhungu, imakonda kumaso, pamutu kapena pachifuwa, ndipo mwa apo ndi apo imamera panjira yomwe singano inadutsa potenga mnofu wa chiwindi.

Ndinamuimbira mnzanga uja, ndipo tinagwirizana kuti bambowo awaunike pamimba ndi kuwayeza Hepatitis B. Kuno kwathu kachilombo kameneka ndiye gwero lalikulu la khansa ya chiwindi, ndipo chiopsezo chimakula kakakumana ndi mowa kapena poizoni wa aflatoxin wa m'chuku cha mtedza ndi chimanga chosungidwa ponyowa. Katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda m'Malawi mu 2002, bambowa ali kale ndi ana awoawo.

Patatha masiku atatu foni inalira. Kachilombo kanapezeka, ndipo m'chiwindi munali chotupa chachikulu chomwe sichikanathekanso kuchotsa. Bala la pamutu lija linali litapola bwinobwino, ndipo bambowo anabwera kuchipatala akuganiza kuti angochotsetsa ulusi.