Mankhwala a chilungulira amatontholetsa ululu, koma chilonda chimafuna zambiri

Mu June ndi July chisanu cha ku Dedza chimalowa mpaka m'mafupa. Mlimi wa mbatatesi wa ku Bembeke amene walawirira kudimba, msana ukamuwawa amadutsa pa okala n'kugula Brufen kapena diclofenac, n'kumwera pomwepo m'mimba mulibe kanthu. Usiku pamtima pakayamba kutentha, amamwa mapiritsi ena oziziritsa. Sadziwa kuti mankhwala a m'mawa aja ndiwo akukolezera moto umene akuuzimitsa usiku.

Brufen, diclofenac, Indocid ndi aspirin amafooketsa chitetezo cha khungu la m'kati mwa chifu, ndipo asidi wogaya chakudya amayamba kudya chifucho. Munthu amene ali kale ndi zilonda za m'mimba, zimene ambiri amangoti maalsa, ndi bwino azimwa Panado akamva kuphwanya m'thupi.

Choyambitsa china chachikulu ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori. Madokotala awiri a ku Perth m'dziko la Australia, Robin Warren ndi Barry Marshall, ndiwo anakatulukira mu 1982, nthawi imene aliyense ankati maalsa amadza ndi nkhawa komanso tsabola. Anzawo atakana kukhulupirira, mu 1984 Marshall anamwa dala madzi okhala ndi tizilomboti ndipo anadwaladi m'mimba. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 2005. Kachilomboka sikafa ndi mankhwala ochepetsa asidi. Pamafunika omeprazole pamodzi ndi maantibayotiki awiri, monga amoxicillin ndi metronidazole, kwa sabata imodzi kapena ziwiri, kumaliza onse ngakhale ululu utatha tsiku lachitatu. Kachasu ndi mowa wina uliwonse wodwala ayambe wausiya, chifukwa sugwirizana ndi metronidazole.

Mankhwala a asidi nawonso ndi osiyana. Magnesium trisilicate amasukulutsa asidi amene alipo kale: amathandiza msanga, koma mphamvu yake imatha msanganso. Omeprazole amatseka pomwe asidi amapangidwira, ndiye sagwira ntchito nthawi yomweyo. Amamwedwa m'mawa, patatsala mphindi 30 kuti munthu adye, osati ululu ukayamba, ndipo pa chilonda amaperekedwa kwa masabata 4 mpaka 8. Kapisozi wake sayenera kutafunidwa. Kuwamwa kwa zaka popanda dokotala kumachepetsa vitamini B12 m'thupi ndiponso kufooketsa mafupa. Ranitidine, amene anali wotchuka kale, anachotsedwa pamsika m'maiko ambiri mu 2020 atapezeka ndi NDMA, chinthu chimene chingayambitse khansa; wina akamupeza m'kabati, amutaye.

Nanga soda wophikira therere, amene ena amasungunula m'kapu? Amaziziritsadi, koma ali ndi mchere wambiri, ndipo kwa wodwala BP kapena mayi woyembekezera si chinthu chochizolowera.

Pali nkhani ina imene siikambidwa mokwanira. Kuyambira mu 2019, anthu ambiri omwa ma ARV m'Malawi muno ali pa mankhwala okhala ndi dolutegravir. Magnesium ndi aluminium za m'mapiritsi a chilungulira zimamata dolutegravir m'matumbo, ndipo wambiri amangotuluka osalowa m'magazi. Munthu angamamwe ma ARV mokhulupirika tsiku ndi tsiku koma tizilombo n'kumachuluka. Njira yake ndi kumwa ma ARV maola awiri asanamwe mapiritsi a chilungulira, kapena kumwa ma ARV patatha maola 6 atamwa mapiritsiwo. Amene ali pa atazanavir asamwe omeprazole asanafunse ku kiliniki yawo, chifukwa atazanavir amafuna asidi kuti asungunuke. Doxycycline ndi ciprofloxacin nawonso amamatidwa chimodzimodzi ndi magnesium.

Choopsa kwambiri n'chakuti mankhwalawa amatha kubisa matenda aakulu. Malawi ndi limodzi mwa maiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo imayamba mwakachetechete: nsima kukakamira pakhosi, kenako phala, pomaliza ngakhale madzi. Munthu amene akuvutika kumeza, akuonda popanda chifukwa, akusanza magazi kapena zinthu zonga khofi, kapena akuchita chimbudzi chakuda ngati phula, sakufunikanso mapiritsi a pa okala. Ululu wadzidzidzi wolimbitsa mimba ngati thabwa ungatanthauze kuti chilonda chaboola chifu, ndipo pamenepo ola lililonse n'lofunika. Wotere apite kuchipatala cha boma cha Dedza tsiku lomwelo. Akafunika kuunikidwa m'mimba ndi kachipangizo kolowetsa pakhosi, amatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Popita anyamule buku lake la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene wakhala akumwa, kuphatikizapo ogula pa okala aja.