Chithunzi chowala pa foni, chozimiririka pa pepala

Mlimi wa ku Cateme wajambula chimanga chake pa foni, masamba obiriwira ngati a ku dimba. Wakwera galimoto mpaka ku Moatize kuti akasindikize chithunzicho pa chikwangwani cha gulu lawo la alimi. Pepala litatuluka, chimanga chija chikuoneka ngati chapsa ndi ng'amba. Mkangano umayambira pamenepo, koma nthawi zambiri mwini makina alibe mlandu.

Foni imapanga mitundu ndi kuwala kutatu: kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu. Akatswiri amati RGB. Pepala lilibe kuwala kwakekwake. Makina amangosakaniza inki zinayi, ya buluu wotuwira, yofiirira ngati pinki, yachikasu ndi yakuda, zomwe amati CMYK. Inkizi sizingafike ponse pamene kuwala kumafika, ndipo malire a mitundu imene zingatulutse amatchedwa gamut. Kubiriwira kwa tsamba lanthete, buluu wowala kwambiri ndi mtundu wa lalanje lakupsa zimagwera kunja kwa malirewo. Buluu amathawira ku pepo, kubiriwira kumachita mdima.

Apa pali ngozi. Chimanga chosowa nayitrojeni chimachita chikasu, chosowa fosiforasi chimachita pepo. Mukapita kwa alangizi ndi pepala lomwe mitundu yasokonekera, mutha kugula feteleza wolakwika. Kuli bwino kunyamula tsamba lenilenilo.

Za chikwangwani, pemphani wosindikiza akuonetseni pa kompyuta mmene chidzatulukire. Photoshop ili ndi Gamut Warning, yomwe imapaka phulusa malo onse amene inki ilephere. GIMP, pulogalamu yaulere, imachitanso zofanana. Akaona malowo, achepetse kuwala kwa mitundu yokhayo, osati chithunzi chonse. Palinso njira ziwiri zosinthira: Perceptual imafinya mitundu yonse pang'onopang'ono kuti ikwane, pomwe Relative Colorimetric imangokankhira yopitirira ija pa malire. Chithunzi cha munda wodzaza masamba, ine ndimasankha yoyamba, chifukwa yachiwiri imatha kusandutsa munda wonse chigamba chimodzi chobiriwira.

Pepala lonyezimira limasunga mitundu kuposa wamba. Potumiza pa WhatsApp, tumizani ngati documento kuti chithunzi chisaphwanyike. Ndipo kaya mukusindikiza ku Zóbuè kapena mwaolokera ku Mwanza, yambani ndi kachidutswa kakang'ono, mukaonere panja pa dzuwa musanalipire chachikulu.