Mabungwe a Antchito a ku Britain pa Nkhondo ya Hitler

Pamene a Winston Churchill anakhala Nduna Yaikulu ya Britain m'mwezi wa May, 1940, asilikali a Hitler analikulowa m'maiko a Holland ndi Belgium. A Churchill anadziwa kuti mfuti pazokha sizingagonjetse adani, pakuti nkhondo imafunanso malasha, zitsulo, zombo ndi manja a anthu ozipanga. Motero anaitana a Ernest Bevin, mlembi wamkulu wa bungwe la Transport and General Workers' Union, nawapatsa udindo wa Nduna ya za Ntchito.

Anthu awiriwa sanali abwenzi. M'chaka cha 1926, pamene antchito a m'dziko lonse ananyanyala ntchito masiku asanu ndi anayi, a Bevin anali mmodzi wa atsogoleri a onyanyalawo, ndipo a Churchill ndiwo anayang'anira nyuzipepala ya Boma yowatsutsa. Chaka chotsatira Boma linaika lamulo lochepetsa mphamvu za mabungwe. Koma moto ukagwira denga, amene anakangana dzulo amatunga madzi pachitsime chimodzi.

A Bevin anasiya sukulu ali ndi zaka 11, nagwira ntchito pa famu, pambuyo pake nayendetsa ngolo ya akavalo mumzinda wa Bristol. Ankadziwa kuti wantchito amalola kusenza katundu wolemera ngati nayenso alandirapo kanthu. M'mwezi wa July, 1940, lamulo lotchedwa Order 1305 linaletsa kunyanyala ntchito, ndipo mikangano ya malipiro inayenera kupita ku bwalo la oweruza osakondera mbali. Mu 1941 lamulo lina linati munthu wa pa ntchito yofunika ku nkhondo sangaisiye popanda chilolezo cha Boma. Koma lamulo lomwelo linamanganso manja a mwini ntchito: sakanatha kuchotsa munthu mwa kufuna kwake, ndipo anayenera kumlipira malipiro otsimikizika sabata ndi sabata. M'mafakitale ambiri munakhazikitsidwa makomiti m'mene antchito ndi akuluakulu awo ankakambirana za kayendetsedwe ka ntchito.

Kodi lamulo loletsa lija linathetsa kunyanyala? Iai. M'mwezi wa January, 1942, antchito a pa mgodi wa malasha wa Betteshanger, m'chigawo cha Kent, anakana kulowa pansi chifukwa cha mkangano wa malipiro a malo ovuta kukumba. Anthu oposa 1,000 anaimbidwa mlandu. Atsogoleri atatu anaikidwa m'ndende, ndipo otsalawo anauzidwa kulipira chindapusa. Koma malasha sanatuluke. Potsiriza akuluakulu anakakambirana ndi atsogoleri aja ali m'ndende momwemo, nagwirizana za malipiro, nawamasula. Chindapusa chija anachipereka ndi anthu owerengeka okha, ndipo Boma linangoyang'ana kumbali, popeza ndende sizikanakwana anthu onsewo. Mu 1944 kunyanyala kunachitika koposa ka 2,000, makamaka m'migodi, ngakhale kuti kawirikawiri kunali kwa masiku ochepa.

Chimene chinasunga dziko chinali chakuti antchito ambiri anakhulupirira kuti mau awo akumveka m'Boma. Pa chifukwa ichi anapirira ngakhale zowawa. Kuyambira December, 1943, anyamata ena oitanidwa ku usilikali ankasankhidwa mwa maere kuti akakumbe malasha, ndipo onse amene anatumizidwa kumigodi motere ndi odzipereka okha anakwana pafupifupi 48,000. Akazi nawonso analowa m'mafakitale a zida, kotero kuti mu 1943 bungwe la amisiri a makina, limene kale linali la amuna okhaokha, linayamba kuwalandira. Mamembala a mabungwe onse, amene anali oposa pang'ono 6,000,000 mu 1939, anapitirira 9,000,000 mu 1948.

Nkhondo itatha ku Ulaya, chipani cha Labour, chimene mabungwe ndiwo anachibala, chinapambana chisankho cha July, 1945, ndi mipando 393, ndipo a Clement Attlee anakhala Nduna Yaikulu. Lamulo la 1927 linafafanizidwa mu 1946. Migodi ya malasha inakhala ya Boma pa 1 January, 1947. Ndipo chithandizo chaulere cha chipatala chinayamba pa 5 July, 1948. Komabe dziko linali ndi ngongole zazikulu, ndipo kuyambira 1948 mpaka 1950 atsogoleri a mabungwe anavomera kuti asafune kukweza malipiro kwambiri. Pamene mitengo ya zinthu inakwera, mamembala anatopa nazo. Mu 1951 Boma linaimba mlandu antchito asanu ndi awiri a pa madoko, koma mlanduwo unalephera, ndipo chaka chomwecho Order 1305 inathetsedwa.

Nkhani iyi inafikanso kwathu kuno. Mu 1947 Boma la Britain linatumiza a William Comrie ku Northern Rhodesia kukathandiza Aafirika kukhazikitsa mabungwe, ndipo mu 1949 bungwe la antchito a m'migodi ya mkuwa linabadwa, mtsogoleri wake ali a Lawrence Katilungu.

Owerenga athu amene ali m'maofesi a Boma ndi m'masukulu angatolepo mfundo iyi: kawiri konse, mu 1942 ndi mu 1951, Boma la Britain linayesa kubwezera anthu pa ntchito ndi milandu, ndipo kawiri konse mlandu sunathandize. Zimene linapeza kwa antchito m'zaka zovutazo linazipeza mwa kukhala nawo pa bwalo limodzi ndi kusunga zimene linawalonjeza.