Tsache Lisatithere Ndiwo Pakhomo

Achinyamata anzathu, kuno ku Bembeke ambirife tinakula tikuuzidwa kuti khomo laukhondo ndi lomwe pabwalo pake pali mbee, popanda ndi kaudzu komwe. Ife alangizi a zaumoyo timalimbikitsadi ukhondo, koma kusesa tsiku ndi tsiku mpaka maziko a nyumba kuonekera si ukhondo ayi. Tsache limachotsa dothi lachonde, ndipo poti malo athu ndi otsetsereka, mvula ikagwa madzi amakokolola lotsalalo. M'chilimwe pamangokhala fumbi. Tikaonjezera utsi wa zinyalala zomwe timatentha, ovutika ndi ana komanso odwala chifuwa ndi mphumu.

Sesani kanjira ndi pomwe mumadyera basi. Masamba a mitengo, makoko a mbatatesi ndi phulusa ziponyeni m'dzenje kuti zisanduke manyowa, koma mapulasitiki ndi mabatire asalowemo. Mukathira manyowawo m'mbali mwa bwalo, bonongwe, chisoso ndi luni sizichedwa kumera, nthawi zambiri zokha. Ena amati ndi ndiwo za amphawi, chonsecho zili ndi vitamini A ndi mchere wa ayironi wambiri kuposa kabichi amene timadzaza naye msika wa m'mbali mwa msewu wa M1. Mtengo umodzi wa mapichesi kapena mapeyala ungatipatse mthunzi ndi zipatso.

Izi n'zofunika kwambiri kwa anzathu amene ali ndi kachilombo ka HIV. Boma linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, koma wakumwa mankhwalawa amafunikabe kudya magulu onse 6 a zakudya, ndipo tsiku lomwe thupi lafooka sangathe kutsikira kudimba. Ndiwo zapakhomo amathyola ali chikhalire. Tinene poyera: palibe masamba kapena zitsamba zomwe zingalowe m'malo mwa ma ARV.

Madzi a kubafa asamadikhe, chifukwa udzudzu umaswana momwemo ngakhale kuno kozizira. Kumbani kangalande kowapititsa pa phando la nthochi kapena nzimbe, osati pa ndiwo zamasamba.

Mankhwala otsala popopera tomato ndi mbatatesi asafike pa kamunda ka pakhomo pomwe ana amasewera. Nsabwe za m'masamba zikachuluka, madzi a sopo pang'ono amathandiza.

Kalabu yanu itha kusankha khomo limodzi la wodwala kapena la agogo olera ana amasiye, n'kukakumba dzenje la manyowa mvula yoyamba isanagwe.